Anthu 15 Otsalawo

Sindinauzepo mnzanga aliyense kuti kalata ya dokotala ndinawawerengera makolo anga modumpha mizere. Kwathu womva Chingerezi ndine ndekha. Kalatayo inkanena za chotupa chimene anandichotsa paphewa, khansa yapakhungu yosowa kwambiri, ndipo yangayo ndi ya mtundu waukali. Ndinangowerenga poti mwa anthu 100, pafupifupi 85 siiwafalikira m'thupi, ndi poti ndizikapimidwa miyezi itatu iliyonse kuyambira Lachinayi.

Bambo ndi telala. Anandikhazika pampando wa makasitomala nkumayang'ana chipsera changa ngati buluku lobwezedwa.

"Kachotupa ngati batani, dokotalayo nkudula khungu chikhato chonse," anatero. "Ikanakhala nsalu ya eni ake, ntchito ikanamuthera tsiku lomwelo."

Mayi anafuna kudziwa kuti anthu 100 amenewo anali pati, poti pamzere kuchipatala tsiku lija tinalipo 12 okha, kuphatikizapo wothyoka mwendo uja. Bambo anati zimenezo nzopanda mutu. Chadulidwa, chasokedwa, basi. Mmisiri woitana kasitomala miyezi itatu iliyonse ndiye kuti ulusi wake sakuukhulupirira.

"Nanga 15 enawo, bambo ake?"

"Atinso?"

"Pa 100 mukachotsa 85."

"Amenewo ndi amene anabwererako. Anakawamasula misoko."

"Onse tsiku limodzi?"

"Aa, inu mayi ake, mutuwu ndi womangirapo mpango basi?"

Mayi anagwira mpango wawo kuona ngati wamasuka. Kenako anati nkhaniyi njosavuta: Lachinayi tilawire m'mamawa kuti mwana akapezeke mwa 85 oyambirira, ochedwawo azikaona okha. Bambo anaseka mpaka mapini anagwa m'kamwa.

"Mukuyesa ndi basi imeneyi, yoti ikadzaza otsala adikire ina?"

"Ndiye kuti palinso ina?"

Bambo anati palibe amene akupita kulikonse, Lachinayi ine ndidzakhala pompano kuika mabatani pa mayunifolomu a ana asukulu. Anatenga kalata ija, nkuitembenuza, nkujambula kolala kumbuyo kwake ndi choko. Anati pepala lolimba chonchi lisapite pachabe. Ndinaona sizasi ikutseguka.

Ine sindiyankhula akulu akamakangana. Ngakhale m'kalasi dzanja sindinkakweza. Koma mawu anatuluka okha, aang'ono.

"Bambo, pali mzere umene ndinadumpha. Kwa 15 ajawo imapita m'mapapo. Khungu likhoza kupola bwinobwino iyo ili mkati. Lachinayi akajambula chifuwa, osati msoko wanuwo. Ndikuopa."

Bambo anaika sizasi pansi. Anafufuta choko ndi chala, nkuwongola kalatayo pathebulo kangapo, ngakhale inali yowongoka kale. Sanandiyang'ane.

"Mayi ake," anatero, "mwati tidzuke nthawi yanji kuti tikapeze malo mwa 85?"