Ndinamasulira molakwa, mtsinje n'kuuma

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ndine Fulujensiyo wa ku Chiuta, munthu amene pakamwa pake panaumitsa madimba a mudzi wonse.

Kumtunda kwa mtsinje wathu kuli fabrika, ndiye kuti fakitale, imene imapopa madzi. Tsiku lina eni ake anabwera ndi anthu a boma kudzachititsa msonkhano m'Chipwitikizi. Ine ndinakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, Chipwitikizi changa n'chotolatola. Koma anthu atati, "A Fulujensiyo, timasulireni," ndinaimirira monyada. Bwana wa fabrika ananena mawu oti renovasau. Mawuwo ndinawamvapo pamene ankakonza denga la sukulu yathu, ndiye ndinati, "Akuti atikonzera ngalande." Amayi analulutira, tonse n'kudinda zala papepala.

Za ngalande panalibe. Ankanena zoti boma likuwapatsanso chilolezo chopopa madzi, ndipo zala zathu zinali kuvomereza. Anawonjezera mapampu. Chilimwe chitafika mtsinje unasanduka mchenga, tomato ndi anyezi n'kupserera. Anthu anasiya kundipatsa moni. Mkazi wanga ankapita kuchigayo chakutali pothawa kunyozedwa. Bwana uja anaona ndi maso ake tikululutira imfa yathu, koma sanatiwongole. Mpaka lero zimandiwawa. Ndinapemphera mokwiya, ndikuti, "Ambuye, bwanji simunanditseke pakamwa?"

Yankho silinadzere kutchalitchi kwathu. Linadzera mwa a Saidi, msodzi wachisilamu amene alibe n'dimba lomwe. Anandipeza nditakhala pamchengapo.

"Achimwene, pepalalo munaliwerenga?"

"Ayi."

"Basi, kwerani njinga."

Tinapalasa mpaka ku boma ku Insaca kukapempha kope la chilolezocho. Mwana wa a Saidi, mayi Amina, amene ndi mphunzitsi, anatiwerengera mzere ndi mzere. Munalembedwa kuti fabrika iyenera kusiyira madzi anthu akumunsi. Tinabwerera ku boma kanayi konse, mpaka anatumiza munthu kudzatseka pampu imodzi.

Madzi abwerera, ofika m'kakolo basi. Mbewu za chaka chija zinapita, ndipo palibe amene anadzapepesa. Komabe m'mawa uno ndathirira anyezi, ndipo mnansi wanga wandibwereka khasu.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso a Saidi. Inu amene muli m'mayesero, limbikirani kupemphera. Koma akuluakulu akabwera ndi mawu awo, musadzachite manyazi ngati ine kunena kuti, "Sindinamve, bwerezani."