Wokana Khristu Ayankhula Pafoni

Basi inachedwa, mzere osasuntha. Kutsogolo kwanga mayi wina anakoka jekete la bambo wandevu.

"Inu! Muli nane mlandu. Si inu munali Wokana Khristu mufilimu ya kutchalitchi ija?"

"Ndine amene, mayi! Mwandizindikira? Musaope, maso ofiira aja anali a pakompyuta. Ine ndine telala."

"Utelala wanuwo ndidye? Chikuonereni mukudinda anthu chizindikiro, amuna anga akukana kuika chala pamakina olowera kuntchito. Akuti ndi makina a chilombo. Abwana anena kuti akapanda kudinda lero, ntchito yatha."

"Eee! Ndiye kuti ndinasewera bwino eti?"

"Mukunyadira? Ana anga muwadyetsa ndinu? Nayi foni, ndaimbira amuna anga, ikuitana."

"Ndiwauze kuti linali sewero chabe?"

"Zimenezo anawauza kale abusa, sanamve. Inu aletseni, ndi mawu a kukhosi aja. Chimene mungaletse inuyo, iwo achita."

Bamboyo anatsokomola, n'kutuzula maso.

"Munthu iwe! Ndine Wokana Khristu. Chala chako chisakhudze makina amenewo! Khala pakhomo, ana ako agone ndi njala, ine ndisangalale!"

Mawu a pafoni anamveka mzere wonse.

"Choka Satana! Iwe sungandilamule! Ndikupita pompano, ndikadinda zala zonse, ndi za kuphazi zomwe!"

"Mwamva nokha, mayi. Mlandu watha?"

"Watha, bambo. Koma nambala yanu ndipatseni. Apongozi anga akukana jakisoni."