Chipata cha Berezovets Chatsegulidwa Lero

Malemu anabadwa pa 6 Disembala m'chaka cha 6758 chilengedwere dziko, muno mu Berezovets, mwana wachisamba wa Kalonga Gleb. Dzina lawo Izheslav. Ali ndi zaka zitatu anawameta n'kuwakweza pa hatchi monga mwa mwambo wa ana a akalonga, ndipo Masalimo anaphunzira m'tchalitchi mwakhalamu.

Mu 6779 anakwatira mlongo wanga, Mayi Ofimya, napatsidwa kamzinda ka Lipno. Ndi chifukwa chake ine Zhdan, mlamu wawo, ndaima pano. Ku Lipno anamanga linga, ndipo chaka cha njala anatsegula nkhokwe zawo osafunsa kuti uyu ngwayani.

Mu 6792 bambo awo anamwalira. Mpando unali wawo, koma mukudziwa nonse kuti masiku ano kalonga sakhala pampando asanakagwadire mfumu ya Atatari, amene anatigonjetsa. Malemu ponyamuka ulendo wa kwa Atatariko, mng'ono wawo Kalonga Mikhalko anapsompsona mtanda polumbira pamaso pathu, amvekere pitani achimwene, mpando ndikusungirani. Anasungadi! Malemu pobwerera, zala ziwiri zitatha ndi chisanu, anapeza chipata cha Berezovets chotseka. Mikhalko anatumiza mawu akuti achimwene atopa, akapume kaye ku Lipno. Ena mwa inu munali pamwamba pa lingapo, munkayang'ana kumbali ngati simukuwadziwa.

Ife tinati tigwire malupanga. Iwo anakana, ati mtanda sunama, mwana wa mayi anga adzatsegula. Anadikira mpaka imvi. Ndinawakalipira kangapo, ndipo lero mtima ukundiwawabe.

Mu Novembala wapitayu chifuwa chinawagwira, ndipo pa 2 Febuluwale chaka chino cha 6809 anatisiya. Mwambo wathu mukuudziwa: mwana amene bambo wake sanakhalepo pampando, naye sadzaukhala. Ndiye kuti m'bokosili tikuika anthu awiri, malemu ndi ukalonga wa mwana wawo.

Asiya Mayi Ofimya, mwana wamkazi Ulyana, ndi wamwamuna Vasilko, uyo waima kumutuko, amene kuyambira lero alibe pake.

Tikuthokoza ansembe, amayi amene anasambitsa thupi, ndi anthu a ku Lipno amene akoka chileyi cha maliro ndi manja awo. Tithokozenso inu Kalonga Mikhalko potitsegulira chipata m'mawa uno. Mawu anu mwasunga, achimwene anu alowa.

Mlamu, usani mumtendere. Pano palibenso angakutulutseni.