Mbuzi Inakhoza Masamu

Pamalo otchajira mafoni ku Kenema, sukulu zili zotseka chifukwa cha korona, Mayi Massah ankangopondaponda, maso ali pa foni yawo. Bambo wina wa njinga yamoto amene anali pambuyo pawo analephera kupirira.

"Mayi, mukuvina kodi? Foni sidzadza ndi maso."

"Phunziro la masamu la boma layandikira pa wailesi, bambo. Mwana wanga Baindu amamvera pa foni yomweyi."

"Zija? Wanganso amamvera, ndipo ndi katswiri! Aphunzitsi akafunsa, iye kuyankha, wailesi n'kuti, 'Wakhoza kwambiri!' Sanalakwepo."

"Inenso ndinkanyada choncho, mpaka ndinamuphera nkhuku. Dzana ndinamutuma kumjigo, foni inatsala pampando ikulankhula yokha. Aphunzitsi anafunsa, anadikira pang'ono, kenako, 'Wakhoza kwambiri!'"

"Popanda munthu?"

"Panali mbuzi."

"Aaa, mayi, musatero! Ndiye kuti wanga uja..."

"Kaya wanuyo. Mbuzi yanga yokha ndiyo ikukhoza."

"Nanga mukujijirikiranji ngati zili choncho?"

"Abale a malemu bambo ake a Baindu anabwera kale ndi mtedza wa kola wofunsira ukwati. Akuti mtsikana akungokhala, ndipo ku Blama kuli mwamuna womufuna. Akamupeza ali ndi pensulo m'manja, wailesi ikuphunzitsa, amachita manyazi n'kubwerera. Lero akubweranso. Achimwene otchajanu, zulani foniyo ndizipita!"

"Koma sinadzadze, mayi," anatero wotchaja mafoniyo.

"Isadzadze. Kaya akhoza, kaya sakhoza, amupeze ali m'kalasi."