Jasi Limodzi, Ana Awiri

Basi ya ku Ndola inachedwa pa siteji ya ku Kitwe, chaka cha 1965. Mayi wina wa ku Luangwa, jasi laubweya lili m'manja, ankangoti adzuke, akhalenso. Mkulu wovala mendulo pachifuwa analephera kupirira.

"Mayi, kutentha konseku, jasi ndi la chiyani?"

"Ndi la ana anga, bambo. Boma lawapezera sukulu kunja, Laston ku Rasha, Wilfred ku Amereka. Anyamuka mawa ku Ndola. Azikabwerekana."

"Azikabwerekana bwanji?"

"Si konseko n'kwa azungu? Lamulungu azikakumana ku Misa."

"Iyayi mayi, sizitero. Ine ndinamenya nkhondo ku Burma. Nthawi imeneyo Arasha, Aamereka ndi Angelezi anali mbali imodzi. Itangotha nkhondo, mkulu wina wa Angelezi anaima pagulu n'kuchenjeza kuti pakati pa Ulaya patsika chotchinga chachitsulo. Mpaka lero Arasha ndi Aamereka amayang'anana ndi diso lofiira."

"Analimbirana chiyani?"

"Aliyense afuna dziko lonse limvere iye."

"Koma anga sanayambanepo. Agona mphasa imodzi kuyambira ali makanda."

"Dikirani akaphunzire. Wina adzabwera akuti migodi ikhale ya boma, wina akuti ikhale ya kampani. Mudzawaleretsa ndinu."

"Nanga kalata imadutsa?"

"Imadutsa, koma ena amayamba aiwerenga."

Basi inatulukira, anthu n'kuyamba kukankhana. Mayi uja sanadzuke, anangolipindanso jasi lija pamiyendo.

"Bambo, inu mwayenda. Mwa maiko awiriwa, kozizira kwambiri n'kuti?"