Mipando Iwiri, Marimu Aakulu

Wyson atagulitsa chigayo chimene malemu bambo ake, a Jasten, anamusiyira, anakwera pikapu ya Che Sufiyani, makaniko wa kwawo ku Ngokwe, ulendo wa ku Balaka kukaona galimoto yofiira yothamanga imene inali pamalonda kuseri kwa sitolo ina. Mwini wake, Shafiq wochokera ku Joni, anangowasiyira makiyi n'kupita kukameta, ndipo awiriwo anatsala akuizungulira: yaifupi ngati yagwada, zitseko ziwiri, marimu aakulu onyezimira.

"Mwaiona?" anatero Wyson. "Ndakutengani kuti mundiuze chinthu chimodzi basi. Ndi yabwino kapena iyayi?"

Che Sufiyani anatulutsa tepi m'thumba la ovolosi, n'kutsegula kumbuyo.

"Mukuyeza chiyani?"

"Bokosi."

"Bokosi lanji?"

"La maliro. Sililowa. Ngakhale womwalirayo atakhala wamfupi ngati ine, sililowa."

Wyson anamwetulira koyamba chichokereni kumudzi. "Zabwino. Pitirizani."

"Ndati sililowa."

"Ndamva. Nanga chimanga?"

"Thumba limodzi, losadzaza."

"Thonje?"

"Iwalako."

"Mbuzi?"

Mkuluyo anayezanso, n'kuwerenga tepi mosamala. "Yaing'ono. Ikhalenso yomvera."

"Eya!" Wyson anaomba m'manja.

Che Sufiyani anasuzumira pawindo. "Mipando ilimo iwiri. Ina anaba?"

"Inapangidwa choncho."

"Asa! Nanga wodwala agona pati? Ndipo wodwala sapita yekha kuchipatala. Pamakhala womudikirira, mlamu wa womudikirirayo, ndi wina wongofuna kukatsikira pa Ntaja."

"Onsewo sakwana?"

"Ngakhale fulasiki yawo sikwana."

"Mukundisangalatsa, Che Sufiyani."

Foni inalira m'thumba la mkuluyo. Anaiika kukhutu ataima njo ngati akulankhula ndi bwana.

"Halo. Eya, a Ramla. Ndili ku Balaka."

Wyson anapukusa mutu mwamphamvu, akukupiza manja.

"Kumbuyo? Malo alipo. Malata angati? Ndi chitseko chomwe? Chabwino, ndidutsira komweko."

"Bwanji osanena kuti muli ku Zomba?" anafunsa Wyson foni itadulidwa.

"Ndili ku Balaka."

"Kapena kuti malo palibe?"

"Malo alipo. Ndawaona ndi maso anga m'mawa uno."

"Muli kale ndi njinga ya eni, matumba a laimu a eni, ndi tambala wosadziwika mwini wake."

"Tambalayo ndi wa shehe. Malata agona pansi, tambala pamwamba." Anagwada pafupi ndi tayala lakutsogolo, mawondo akulira ngati chitseko chopanda girisi. "Tabwera kuno, mwanache. Marimu awa si ake."

"Ndi amene ndawakonda."

"Ukonde, koma si ake. Galimoto iyi inabadwa ndi marimu a saizi 17. Wina waika a 19. Rimu ikakula, tayala limapyapyala kuti zikwane. Taona, tayala ngati lamba wa chigayo cha bambo ako. Likagunda dzenje, palibe mphepo yokwanira kulandira nkhonyayo. Imalandira ndi rimu."

"Ndiye?"

"Ndiye imapindika, kapena imang'aluka. Iyi yakumanzere anaiwotcherera kale, nawu mzere, angopakapo utoto. Pisa dzanja umu. Wamva posalalapo? Ukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, tayala limakhula thupi la galimoto."

"Likaphulika?"

"Saizi iyi ku Balaka kulibe. Ku Liwonde akuseka. Upita ku Limbe pa minibasi, utanyamula rimu pamiyendo ngati mwana wodwala."

"Sipeya?"

"Mulibe. Muli kapampu ndi kabuku kachizungu."

Wyson anasisita rimuyo ndi chala. Anadziona m'menemo, nkhope yotambalala ngati ya munthu wonenepa ndi mtendere. "Nanga injini?"

Che Sufiyani anailiza, n'kutchera khutu, kenako anazungulira kukanunkhiza utsi. Anaoneka wokhumudwa. "Injini ilibe mlandu. Utsi woyera, oilo sakudontha. Imathamanga ndithu. Koma ithamangira kuti?" Anagona pansi, n'kuyesa kulowetsa nkhonya kunsi kwa bampala. "Taona. Nkhonya yanga sikulowa. Mahampu a pa Liwonde uziwadutsa cham'mbali ngati nkhanu, a kabaza akukupitirira."

"Nanga tikasiya tala? Ifika ku Ngokwe?"

"Ifika."

Nkhope ya Wyson inagwa. "Ifika?"

"Koma osati yonse tsiku limodzi. Bampala ndi ekizozi zizibwera pambuyo ndi anthu achifundo."

"Ndiye kuti munthu wa ku Ngokwe sangandipemphe kuti ndimunyamule?"

Apa Che Sufiyani anadzuka, n'kusasa fumbi, ndipo anaika dzanja paphewa la mnyamatayo. "Usadandaule, mwana wa a Jasten. Ndaona mtima wako uli pomwepa. Zonse zimakonzeka."

"Kukonzeka bwanji?"

"Marimu awa tichotsa, tigulitsa kwa anyamata a m'tauni. Tiika matayala a pikapu."

"Iyayi!"

"Sakwana, ndikudziwa. Tidula pang'ono apa ndi apa. Tiikweza ndi masipulingi a minibasi."

"Che Sufiyani!"

"Pamwamba tiwotcherera keliyala. Bokosi likwera pamenepo. Kumbuyo tiika mbedza yokokera ngolo. Chitseko cha kumbuyochi tichotsa, tiika thabwa, anthu atatu akhala miyendo ili panja. Inshallah, pofika Lachiwiri inyamula anthu asanu ndi anayi."

Wyson anaima pakati pa mkuluyo ndi galimoto atatambasula manja. "Musaikhudze!"

"Utoto sitiwononga."

"Sindikufuna anthu asanu ndi anayi!"

"Khumi sizingatheke. Injini ingalole, koma apolisi."

"Sindikufuna ngakhale mmodzi!"

Tambala wa shehe analira m'pikapu. Che Sufiyani anapinda tepi pang'onopang'ono.

"Kodi bambo anga ananyamula maliro angati ndi pikapu yawo ija?" anafunsa Wyson.

Mkuluyo anayamba kupinda zala. "Kuyambira chaka cha njala chija: a Chimango aakulu, mkazi wawo, mphunzitsi uja wa ku Rivirivi..."

"Sindikufuna nambala!"

"Wati angati."

"Ananyamula aliyense! Akwati, odwala, mbuzi za eni, simenti ya tchalitchi ndi ya mzikiti womwe. Nsima ikuzizira patebulo, iwo ali pamsewu. Pikapu inathyoka msana, patangotha mwezi iwo n'kutsatira. Nanga pochokera kuchipatala anabwera pa chiyani?"

"Pangolo."

"Pangolo. Ng'ombe ina yotsimphina. Ine ndinasiya mayeso ku koleji, n'kudzakumana nawo panjira atafunditsidwa chitenje, pamwamba pa makoko a chimanga amene munthu sanavutike n'kusesa komwe. Eni malole onse tsiku limenelo dizilo anawathera. Ku koleji sindinabwererenso. Ndikaphunzire chiyani china?"

Che Sufiyani anayang'ana nsapato zake. "Ine ndinali ku Nayuchi ndi mipando ya ukwati wa eni. Eni ukwatiwo anandifunsa dzulo lake ngati ndili ndi mpata. Mpata ndinali nawo."

Wyson anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Sanabwere ku Balaka kudzalira pamaso pa galimoto yofiira.

"Ndiye ndikufuna galimoto yoti munthu akaiona, asowe poyambira kupempha," anatero.

"Ho! Ukufuna yoipa?"

"Eya."

"Bwanji osanena kunyumba komwe? Iwe wati ndione ngati ili yabwino." Mkuluyo anaizunguliranso, tsopano mwaulemu. "Ngati ndi choncho, wasankha. Zaka zonse ndagwira sipanala sindinaonepo galimoto yopanda ntchito ngati iyi. Chambone kwabasi, yabwino zedi."

"Basi, ndikukaitana Shafiq."

"Dikira. Mpando wachiwiriwu ndi wa yani? Tiuchotse, pangadzakhale munthu."

"Umenewo ndi wa amayi."

"Mayi ako?"

"Iwo okha. Mwezi uliwonse amapita ku Liwonde kukayezetsa magazi ndi mawondo, pa njinga yamoto, atagwira lamba wa mwana wa eni. Amafika fumbi lokhalokha. Ndikufuna azipita ngati mkazi wa a Jasten."

"Uziwatenga kuti?"

"Kunyumba."

"Kunyumba siifika."

"Mwati ifika!"

"Ndati zidutswazidutswa. Mayi ako ukufuna afike zidutswazidutswa?"



"Palibe vuto," anapitiriza Che Sufiyani. "Uziwaimbira foni. 'Amayi, kwerani njinga yamoto mpaka patala, mundipeza pamenepo ndikupukuta marimu.'"

"Nyengo yadzuwa msewu umakhala bwino."

"Nyengo yadzuwa ndi mchenga. Koma tiyese kaye za kukhalazo. Mawondo a mayi ako ndi anga ndi a chaka chimodzi, tinayamba sukulu limodzi." Anatsegula chitseko, n'kutembenuka chambuyo, n'kuyamba kutsika. Anatsika, anatsika, akufunafuna mpando ndi matako, mpaka anangoti phwa! mawondo ali pachibwano. "Yaa Rabi! Ndakhala pansi kapena m'galimoto?"

"Mwakhala bwino. Tulukani tsopano."

Che Sufiyani anatulutsa mwendo umodzi. Anagwira chitseko. Anabuula. Anabweza mwendowo.

"Tulukani."

"Ndikutuluka."

"Simukusuntha."

"Mtima watuluka kale. Chatsala ndi chiuno."

Wyson anawagwira manja onse awiri n'kukoka. Kapu ya mkuluyo inagunda denga n'kugwera kumbuyo kwa mpando. Anayesa kuwagwira m'khwapa, mkuluyo anakuwa kuti msana. Mayi wina wogulitsa mandasi anaima patali, beseni lili pamutu, kuti aone mathero ake.

Wyson anasiya, akupuma wefuwefu. M'malo mwa ovolosi anaona chitenje cha amayi ake. Anaona khomo la chipatala, mzere wa anthu pabenchi, ndi iye mwana wawo mmodzi yekhayo akuwazula m'galimoto ngati chinangwa cha m'dothi louma, iwo akuseka kuti asachite manyazi, monga anasekera tsiku limene anawauza kuti sukulu wasiya. Anakhala pansi pafumbi, msana atatsamira rimu yonyezimira ija.

"Sindigula," anatero.

"Wati chiyani?"

"Sindigula. Anthu a ku Ngokwe apambana. Tikafune galimoto yoti amayi azikwera ngati munthu. Akafuna kudzakwera nawo ena, adzakwere. Ndidzawatukwana mumtima."

"Bambo akonso ankatero. Ankatukwana kuyambira ku Ngokwe mpaka pa Ntaja, kenako n'kuwagulira nthochi."

Wyson anaseka mosafuna, misozi ili m'maso.

Foni inaliranso. Che Sufiyani anavutika kuisolola m'thumba, chifukwa thumbalo linali litapanikizika ndi bondo.

"Halo. Eya, a Matilda. Ndili m'galimoto." Anamvetsera. "Kwaya yonse? Ku Rivirivi? Malo?" Anayang'ana kumanja, kumanzere, n'kucheukira kumbuyo kumene kunali kapu yake yokha. "Malo mulibe. Iyayi, ngakhale ng'oma silowa. Kufika ku Ngokwe? Siingafike. Kuti nditsike ndikatenge pikapu? Sindingathe kutsika. Walahi, sindingathe. Halo? Halo?"

Anachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana ngati yachilendo.

"Adula okha," anatero motsitsa mawu.

"Tiyeni tiyesenso. Ndipatseni dzanja."

"Adula okha, Wyson. Sanati 'tikudikirani.' Sanati 'ingodutsani.' Ndipo sindinaname ngakhale liwu limodzi."

"Ndamva. Dzanja."

Che Sufiyani sanapereke dzanja. Anatsamira bwinobwino, n'kupeza kachitsulo kam'mbali, mpando n'kugona chambuyo. Anatambasula miyendo mpaka mawondo analira komaliza n'kukhala chete. Anasisita chikopa cha mpandowo.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu," anatero akuyang'ana denga. "Sindinadyepo phwando la Idi kunyumba kwanga."

"Che Sufiyani, dzuwa likupita. Tikafune galimoto ya amayi."

"Ili apo. Yoyera, matayala a saizi yopezeka paliponse, sipeya awiri, chopondera ndinawotcherera ndekha cha anthu a mawondo. Injini ndimaidziwa ngati mwana wanga." Anapisa m'thumba lina, n'kuponya makiyi a pikapu pamiyendo ya Wyson. "Malata a a Ramla ali kuseri kwa msika. Tambala usamuiwale kumupatsa madzi."

"Nanga inu?"

"Kaitane Shafiq. Iwe ulipire iyi, utenge pikapuyo."

"Mwanena nokha kuti ndi galimoto yopanda ntchito! Marimu si ake, sipeya mulibe, ku Ngokwe siifika!"

Che Sufiyani anakoka chitseko n'kutseka, kenako anatsitsa windo pang'ono pokha.

"Ndiye ukufuna ndikuuze kangati kuti ndi yabwino?"