Mwendo wa Wezi Umene Ndinaukoka

Abale ndi alongo mwa Ambuye, monire mose. Ine ndine Zimba, mlimi wa fodya kuno ku Kapichila. Ndikufuna ndikuuzeni za manyazi amene ananditsekera m'nyumba miyezi inayi.

Kwa zaka zambiri anthu ankanditcha dokotala wa timu ya mpira ya m'mudzi mwathu, chikhalirecho sindinaphunzireko chilichonse. Ndinali ndi ndowa ya madzi, bandeji yakale ndi mafuta otikitira, basi. Wosewera akagwa ndinkathamangira m'bwalo, kumuthira madzi, kumukoka mwendo, iye n'kudzuka, anthu n'kuombera m'manja.

Tsiku lina Wezi, womwetsa zigoli wathu, bambo wa ana awiri, anagundana ndi goloboyi. Ndinkaganiza kuti wangobinya, ndiye ndinaukoka mwendowo mwamphamvu. Kulira kwake sindidzakuiwala. Kuchipatala ku boma anapeza kuti fupa linali litathyoka, ndipo kukoka kwangako kunalisuntha. Dzinja limenelo mkazi wake analima yekha.

Palibe anandilalatira, koma ndinasiya kupita ku bwalo, ngakhale kutchalitchi komwe. Ndikamuona mkazi wa Wezi panjira ndinkakhotetsa njinga. Pemphero langa linali limodzi lokha, loti Ambuye amuyendetsenso munthu uja.

M'mawa wina Wezi anatulukira pakhomo panga akuyendera ndodo ziwiri.

"Ba Zimba, ndikusowa wondinyamula panjinga kupita kuchipatala ku mafizo," anatero. "Ndaganiza za inu."

Tinapita. Kumeneko tinapeza mayi Nyirenda, amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa ovulala kuyendanso. Ndinawaululira zimene ndinachita, n'kuweramitsa mutu kudikira kukalipiridwa. Iwo anangofunsa ngati m'matimu ena muli anthu onga ine. Ndinati timu iliyonse ili naye wake.

"Mukabwere nawo onse," anatero.

Loweruka lina tinasonkhana amuna asanu ndi awiri. Anatiphunzitsa kuti mwendo wokayikitsa sukokedwa, umamangiriridwa pa timatabwa n'kumutengera munthuyo kuchipatala, komanso kuti amene wagunda mutu n'kuchita chizungulire asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale atachonderera. Kenako anandilimbikitsa kukachita maphunziro a chithandizo choyamba, ndipo ndinalandira satifiketi yoyamba m'moyo wanga, imvi zili mbuu. Lero masukulu amandiitana pa masiku a masewera, ndipo nthawi zambiri ntchito yanga imakhala kuletsa anthu kugwira wovulala.

Wezi mpira anasiya. Amatsimphina pang'ono, koma chaka chino walima yekha munda wake wa mtedza.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira thandizo kudzera mwa munthu yemweyo amene ndinamupweteka. Ngati pali wina pano amene akubisala chifukwa cha cholakwa chake, asaleke kupemphera, ndipo amene anamulakwirayo akafika pakhomo, amutsegulire. Yewo chomene.